Mkuwa wa a Dokotala Chalera

Sendezani mbaulayo pakati, utsi ukundilowa m'maso. Magetsi awa lero sabwera, tisadzinamize. Ndiye popeza tsiku lonse mwakhala mukundinena kuti ndine wovuta, chifukwa ndakana kulowa mu laputopu ya sukulu ndi dzina la aphunzitsi anasamuka aja, khalani pansi mumve chimene ndimakanira. Inu a Jumbe, mukayamba kuseka pakati pa nkhani, chimanga chanucho ndidya ine.

Mukudziwa kuti ndinapatsidwa tchuthi cha zaka ziwiri kuti ndikachite digiri yachiwiri ya fizikisi. Yunivesite yake sinditchula. Zaka ziwiri, osati ziwiri ndi sabata. Kalata inanena mosabisa kuti likadutsa Lolemba lomaliza la Okutobala, kaya ndamaliza kaya sindinamalize, ndibwerere ku choko. Lolemba lomwelo masana ndi pamene ankatseka kulandira mabuku a kafukufuku. Ndikaphonya, ndiye kuti zaka ziwiri zosiya ana anga kwa achemwali zapita m'madzi.

Ntchito yanga inali ya mu kompyuta. Tiyerekeze bokosi lotsekeka. M'katimo muli mpweya umene aupatsa magetsi mpaka ukuwala ngati nyali ya chubu, umenewo ndiwo timati pulazima. Pansi pa bokosilo pali mbale ya mkuwa, pamwamba pali galasi. Timaatomu ta mpweyawo timawomba mkuwa mwamphamvu n'kumabenthula timaatomu take, ndipo tobenthukato timauluka n'kukamata pagalasi. Bokosi lenileni ife tinalibe, n'lodula koopsa. Tinali ndi pulogalamu yoyerekeza zonsezi, ndi galasi limodzi lomatidwa kale mkuwa, loyezedwa bwino, limene aphunzitsi anga anabwera nalo kuchokera kunja. Zotuluka mu kompyuta zinkayenera kufanana ndi galasi limenelo.

Pulogalamuyo payokha sidziwa kanthu. Umaiuza iwe, m'fayilo, mizere itatu: mkuwa ukawombedwa kamodzi pabenthuke timaatomu tingati, tichoke ndi liwiro lanji, ndipo tilowere kuti. Mzere wachitatuwu ndi umene unandionetsa zakuda. Ukalemba kuti tonse tiziuluka choongoka, makina amamaliza m'maola asanu ndi atatu. Ukalemba kuti tizimwazika, tambiri choongoka, tina cham'mbali, monga zimachitikiradi, makina athu okalambawo ankafuna pafupifupi masiku atatu osapuma.

Aphunzitsi angawo anali a Dokotala Benedicto Chalera. Munthu wabwino, koma abale, wovuta! Tsiku lililonse ankabwera mu labu folo koloko itadutsa ndi mphindi khumi, akangotuluka m'kalasi, akukoka phazi lamanzere, switi ya chifuwa ili m'kamwa. Akapeza ndalemba choongoka, ankayamba atsokomola kaye, kenako amvekere, "Nangondo, mkuwa si asilikali, suguba pamzere." N'kufufuta, n'kulemba zawo. Anamwalira mu Malichi, mwadzidzidzi, atakhala pampando kunyumba kwawo. Tinakawaika ku Dedza. Ndinalira, inde. Koma ndisakunamizeni, pobwerera m'basi ndinaganizanso kuti basi, tsopano mkuwa wanga uguba pamzere.

Vuto linali laisensi. Pulogalamuyo inagulidwa kunja, laisensi imodzi yokha, m'dzina lawo, pa kompyuta imodzi. Kusintha dzina kunkafuna makalata ndi masiginecha a anthu amene chiyambire sindinawaonepo muofesi. Ndiye ndinachita zimene aliyense wa inu akanachita. Pasiwedi inali pa kapepala komata kunsi kwa kiyibodi. M'mawa uliwonse ndinkalemba dzina lawo, ndipo sikirini inkayankha mwaulemu m'Chingerezi chake kuti takulandirani a Dokotala Chalera.

Wosamalira labu anali a Siyeni, bambo wa imvi amene anagwira ndi malemu ntchito zaka makumi awiri. Tsiku lina anaima kumbuyo kwanga n'kuwerenga moniyo.

"A Nangondo, abale ake sanamete kachiwiri, munthu akadali panjira. Inu m'mawa uliwonse mukumuitana ndi dzina. Akuvomera ndani pamenepo?"

"Akuvomera makina, a Siyeni. Zaka zonsezi mu labu ya sayansi, n'kumalankhula zimenezo?"

"Ine ndangofunsa," anatero, n'kupita kukatsuka mabotolo awo.

Miyezi yonseyo ndinkalowa, kukonza izi ndi izo, osaona chachilendo. Zinayamba kutatsala masabata awiri, tsiku limene ndinakhudza mzere wachitatu uja. Ndinalemba choongoka, ndinayatsa teni koloko, ndinapita ku laibulale kukalemba mutu womaliza. Ndikubwera madzulo kuti ndikolole, ndikupeza makina akuti kwatsala maola makumi asanu ndi limodzi mphambu anayi. Kutsegula fayilo, mzere uja ukuti momwazika. Ndinati mwina ndaiwala kusunga, tulo tachepa masiku ano. M'mawa mwake ndinalembanso choongoka, ndinasunga katatu, ndinajambula sikirini ndi foni ngati umboni. Madzulo, momwazika.

Ndinawapita a Siyeni ali pa tiyi.

"Bambo inu, ngati muli ndi mawu ndi ine, nenani pakamwa. Osamandiseweretsera ntchito."

"Ine kompyuta imeneyo ndimangoipukuta fumbi, nayonso ndinasiya mu Malichi."

"Nanga akusintha ndani?"

"Onani nthawi. Makina anuwo amalemba nthawi, si choncho?"

Ndinayang'ana. Masiku onse awiri fayilo inasinthidwa folo koloko itadutsa ndi mphindi khumi. Ndinati mxii, wina akufuna kundiyesa chidzete, ndipo akudziwa bwino nthawi yoti andiopseze nayo. Ndinazula waya wa intaneti. Ndinatenga kiyi wanga ndi wa a Siyeni yemwe, ndinakiya chitseko, n'kukhala pabenchi panja ngati mlonda, buku lili pamiyendo. M'khondemo simunadutse munthu, ana anali m'mayeso. Kunja kukutentha, nyenje zikulira. Itakwana nthawi ija, nyenje zonse zinangoti zii. M'kati mwa labu, mpando unalira.

Ndinatsegula msangamsanga, kiyi mpaka kugwa kawiri. Munalibe munthu. Mawindo ake ndi a zitsulo. Koma mpando unali utasendera kumbuyo pang'ono, monga amausendezera munthu wa miyendo yaitali, ndipo nditaika dzanja pamenepo panali pofunda. Fungo la switi ya chifuwa linali thoo. Mzere wachitatu, simufunsanso.

Mwina mukuganiza kuti ndinathawa. Ayi ndithu, ndinapsa mtima. Masiku atatu atayika chifukwa cha munthu amene ndinamuimbira nyimbo kumanda ndi pakamwa pangapa!

Ndinaganiza zowazemba. Popeza amabwera folo koloko, ndiyatse faifi, atapita, pofika m'mawa zidzakhala zatha. Ndinatero. M'mawa ndinapeza makina amalizadi, ndinavina ndekha mu labu muja. Kutsegula chithunzi cha galasi, chili mbee. Mbale ya mkuwa inawombedwa maola asanu ndi atatu, koma sipanabenthuke kaatomu ngakhale kamodzi. Mizere yonse itatu inali monga ndinailembera. Ndinaiwerenga chilembo chimodzichimodzi, ndinayesanso madzulo ake, ndi madzulo ena. Mkuwa unangokana basi.

Bolopeni yanga yofiira inasowa sabata yomweyo. Ndinaifuna m'chikwama, pansi pa tebulo, mpaka ndinawakayikiranso a Siyeni. Ndinakaipeza m'dirowa yokiya, itagona pamwamba pa mapepala a mutu wanga wachitatu. Pa ndime imene ndinalemba kuti kuuluka choongoka n'kokwanira pa kafukufuku uyu, panali podulidwa mzere wofiira kunsi, ndi chizindikiro chofunsa m'mbali, chachikulu, chopendekera kumanzere. Ndinachidziwa. Kwa chaka ndi miyezi ndinali nditachiona pa pepala langa lililonse.

A Siyeni anasintha. Ikakwana fili koloko ankavala jekete n'kumapita, ati mutu. M'mawa akalowa ankavula chipewa, n'kuyang'ana mpando uja, n'kung'ung'udza kuti mwadzuka bwanji bwana. Tsiku lina ndinapeza aika kapu ya tiyi pambali pa kiyibodi.

"Ndiye mukuwalandiranso ngati mlendo? Muwaphikirenso ndiwo kuti akhazikike?"

"Woitana ndinu, a Nangondo. Ine ndikungopereka ulemu."

Lachitatu la sabata yomaliza, ndikuchokera ku hositelo m'mawa, ndinaona mayi wina ataima pageti, padzuwa, pomwe mthunzi unali pafupi. Chitenje chakuda, duku yakuda, jumbo m'manja. Ndinapereka moni, sanayankhe. Ndinapitirira. Nditafika pa makwerero ndinamva masilipasi kumbuyo kwanga. Ndikaima, nawonso aima. Ndikayenda, nawonso ayenda. Tinalowa choncho mpaka mu labu, ndipo a Siyeni atawaona anagwada pansi. Anali Mayi Chalera. Ine pamaliro ndinangowaona atafunda kumutu.

Anakana mpando uja, anakhala pa situlu. Analankhula motsitsa, akuyang'ana pansi.

"Chitisiyireni bambo, ndimawalota. Koma sindiwalota atakhala pakhomo ayi. Nthawi zonse amakhala akumanga tayi. Ndikafunsa kuti mukupita kuti, amati, akundiitana kuntchito, mwana uja akulakwitsa." Anadzutsa maso. "Mwana ameneyo ndinu?"

Ndinayamba kufotokoza za laisensi, za makalata, za Lolemba. Anandisiya mpaka ndinatha ndekha mawu.

"Za makina ine sindizidziwa, mwanawe. Loweruka m'mamawa tikumeta kachiwiri. Mowa waphikidwa kale, abale afika. Akuluakulu akuti tsiku limenelo bambo apezeke pakhomo kuti tiwaperekeze. Akapanda kupezeka, tsiku lina palibe. Dzina lawolo mulitseke Lachisanu dzuwa lisanalowe."

Ndinawerenga mumtima. Maola asanu ndi atatu okha ndi amene ndinkafuna, ndipo ndinali ndi masiku awiri ndi theka. Ndinalonjeza. Ndinawapatsa ndi nambala yanga yomwe.

Tsiku limenelo sindinachoke. Ndinalemba choongoka, ndinayatsa, n'kukhala pa mpando womwewo, dzanja pa mausi. Ndinati lero tionana. A Siyeni anatenga jekete fili koloko isanakwane n'komwe.

Nthawi ija itakwana, ndinamva m'khonde. Phazi limodzi gu, linalo khwee. Gu, khwee. Zinafika pachitseko n'kusiya. Chitseko sichinatseguke. Koma fungo lija linadzaza, ndipo kumbuyo kwa phewa langa lamanzere kunazizira, mu Okutobala. Sindinacheuke. Pakona yakuda ya sikirini panali kanthu kooneka ngati tayi, ndipo ndinachotsapo maso. Manja anga ali pomwepo, zilembo za mzere wachitatu zinayamba kufufutika, chimodzichimodzi, mosafulumira.

Apo ndiye zinandikwana.

"A Dokotala, mwanditopetsa!" ndinakuwa. "Munamwalira inu! Ku Dedza ndinapita, madzi ndinatunga, dothi ndinaponya! Muli moyo munkandivutitsa, ndiye muzindivutitsanso pano? Ana anga akundiiwala nkhope, Lolemba ndi ilo, akazi anu akulira, inu muli pano kulimbana ndi mkuwa? Amene adzawerenge bukuli saona n'komwe mzere umenewu!"

Kufufuta kunaima. Ndinati ndapambana. Kenako pafupi ndi khutu langa panamveka kutsokomola kuja, kochepa, kwa munthu amene wamva zonse koma sanavomere.

Misozi inatuluka, ya ukali osati ya mantha. Chifukwa pansi pa mtima ndinkadziwa kuti akunena zoona. Choongokacho chikanaunjika mkuwa wonse pakati pa galasi, pomwe galasi lenileni linali lomatidwa mpaka m'mbali, ndipo ine ndinakonza zodzakulunga zimenezo ndi Chingerezi chambiri m'mutu womaliza. Ndinakankha kiyibodi.

"Chabwino! Chitani zanu, tione!"

Mawu oti momwazika analembeka. Makina anayambanso. Anati maola makumi asanu ndi limodzi mphambu asanu ndi limodzi. Ndinawerenga ndi zala, kawiri. Loweruka, teni koloko m'mawa.

Lachinayi sanabwere. Lachisanu sanabwere. Labu inali bata, moti a Siyeni anakhala mpaka madzulo. Dzuwa likupendeka anabwera ndi pepala lochokera ku ofesi ya makompyuta, lowaloleza kufufuta dzina la malemu. Makina anali atagwira magawo atatu mwa anayi, ndipo chithunzi chinali chitayamba kale kutuluka. Abale, chinali chokongola. Mzere wa kompyuta unkatsata mzere wa galasi lenileni pakati mpaka m'mbali.

"Nthawi yakwana, a Nangondo."

"Kwatsala maola khumi ndi asanu ndi limodzi okha."

"Munalonjeza mayi wamasiye."

"Mukafufuta dzinalo laisensi ifa, zonsezi zifa. Lolemba ndikapereke chiyani, chipewa chanucho? Mverani, makina akugwira okha. Munthu wakhutira, masiku awiri sanabwere. Ine sindilembanso dzina lawo, sindiwaitananso. Apita kwawo, adzapezeka pa mwambo wawo. Vuto lili pati?"

A Siyeni anaika pepala lija patebulo, ndi kiyi wawo pamwamba.

"Ine sindinaonepo kanthu," anatero. Anatuluka osatsanzika.

Foni inalira dzuwa litangolowa. Anali Mayi Chalera. Kumbuyo kwawo kunkamveka anthu ambiri ndi mitondo.

"Mwatseka, mwanawe?"

"Tatseka, amayi."

"Ambuye akudalitseni."

Mwina zikanatha bwino, sindikudziwa. Cholakwa chenicheni ndinachichita Loweruka. Ndinadzuka kusanache bwino, mtima uli m'mwamba: nanga magetsi akathima, nanga makina akaima? Sikisi koloko ndinali mu labu. Sikirini inali itadzitseka yokha, monga imachitira ukaisiya. Makina ankamveka kuti akugwira, kanyali kobiriwira kakuphethira. Panalibe chifukwa chilichonse choti ndiyang'ane, ndikanangokhala n'kudikira. Koma ndinkafuna kuona kuti kwatsala zingati. Zala zinazolowera miyezi isanu ndi iwiri. Ndisanaganize n'komwe, dzina ndinali nditalemba kale.

Takulandirani a Dokotala Chalera.

Mpando unalira nthawi yomweyo. Sanadikire folo koloko. Ine ndinali chiimire, ndipo mpando unasendera kumbuyo wokha, pang'onopang'ono. Ndinakumbukira kuti ola lomwelo ku Dedza akunola malezala.

"A Dokotala, pepani, sindimakuitanani. Pitani, akukudikirani."

Mpando sunasunthe.

"Pitani, inu! Ndikuuzani zotsatira!"

Ndani wakumva? Munthu amene sanasiyepo ntchito pakati ali moyo. Ndikanatha kuzimitsa makinawo, switchi inali pafupi ndi bondo langa. Ndinaiyang'ana. Ndinayang'ana sikirini, kutatsala maola anayi. Ndinakoka situlu n'kukhala pansi. Tinakhala choncho awiriwiri, ine ndi fungo lija, mpaka teni koloko. Makina anamaliza. Mizere iwiri ija inagona umodzi pamwamba pa unzake, osasiya mpata ngakhale wa tsitsi.

"Zatheka. Zikomo, a Dokotala," ndinatero.

Mpando unagwa chagada. M'khonde ndinamva gu khwee, gu khwee, gu khwee, mofulumira, ngati munthu amene basi ikumusiya. Chiyambire ndinali ndisanawamvepo akuthamanga. Pamenepo m'pamene ndinachita mantha, ndipo ndinawamvera chisoni.

Lolemba a Siyeni anafufuta dzinalo m'mamawa, osandilankhula. Ine ndinapereka buku langa leveni koloko, anadinda chidindo, anandipatsa kapepala. Ndinatuluka ndikuyenda m'malere. Pa makwerero panali pataima Mayi Chalera, duku itamangidwa pa mutu wometa.

Ndinafuna kubwerera, koma anali atandiona kale. Ndinagwada. Sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa.

"Mwapereka?"

"Ndapereka, amayi."

"Zayenda bwino?"

"Zayenda bwino."

"Chabwino." Anakonza chitenje chawo. "Ife tinameta m'mamawa. Tinaitana, tinathira mowa, tinadikira. Akuluakulu anati pakhomo pali zii, munthu palibe, koma mwambo sungaime. Tinatsiriza, anthu anabalalika. Bambo anafika masana. Ndinawamva phazi lawo kuzungulira nyumba katatu. Anagogoda."

"Munatsegula?"

"Sitingatsegulenso, mwanawe. Tinatseka kale. Ndamva kuti kunonso mwatseka."

Mayiwo anapitiriza.

"Usiku wathawu ndawalotanso. Aima pamsewu, tayi ili m'manja, akufunsa kuti tsopano ndilowere kuti. Ndawauza kuti ine sindikudziwa, koma ndikakufunsirani kwa amene anakuchedwetsani." Anandiyang'ana mokoma, ngati mayi wofunsa mwana wa mnzake. "Paja mwati mukubwerera kukaphunzitsa. Sukulu yake ili kuti, mwanawe?"

Ndikanatha kunama. Lachisanu lomwelo ndinali nditawanamiza bwinobwino, mawu osanjenjemera. Koma munthu wamkulu wandifunsa, ine ndagwada, mutu wawo wometa uli pamaso pangapa. Ndinatchula boma. Anagwedeza mutu. Ndinatchula sukulu. Anabwereza dzinalo kawiri, pang'onopang'ono, kuti asaiwale. Kenako anafunsa kuti nanga nyumba yake ndi iti, poti nyumba za aphunzitsi zimafanana.

Ndinawauza kuti ndi yachitatu kuchokera ku mjigo, ya chitseko chobiriwira. Ino takhalayi.